Magalasi a Souhila ndi Nthungululu ya Amayi Ake

Mukapita ku ofesi ya zaulimi m'tauni yathu ino ya Sig m'nyengo imene azitona ayamba kukhwima, Souhila mukampeza ataima pakhonde, alimi atamuzinga, iye akuwakalipira za kantchentche kamene kamaboola zipatso n'kusiyamo mphutsi. Ndi mayi wamfupi, wa magalasi ochindikala ngati pansi pa botolo, ndipo akamalankhula amagwira chikwama chake ndi manja onse awiri. Alimi amati ndi waukali. Ife amene tinakulira naye mumsewu umodzi timangoseka, chifukwa tikudziwa kuti chikwamacho amachigwira choncho kuti anthu asaone zala zikunjenjemera. Ali pabanja tsopano, ali ndi ana awiri, mutu wayamba imvi, koma mpaka lero akamva kuti mawa kuli msonkhano chakudya sichitsika.

Kuti mumumvetse Souhila muyenera kuyamba mwawadziwa amayi ake. Mayi Bakhta ankagwira ntchito yosankha azitona m'fakitale ina kumapeto kwa tauni. Manja awo anali ong'aluka ndi madzi amchere, ndipo pakhomo la sukulu sanapondepo. Koma nthungululu, abale inu! Mulungu anawapatsa mmero mayi amenewa. Kukakhala ukwati, kukakhala mdulidwe wa mwana, munthu akabwerako ku Maka, mwana wa uje akakhoza mayeso, mawu ankangokhala amodzi: kaitaneni a Bakhta. Akaika dzanja pamwamba pa mlomo n'kuiyamba, nkhunda zinkabalalika padenga, ndipo azimayi ena ankangodikira kuti athandizire kumapeto. Analulutira ana a eni ake tauni yonseyi, ndipo pobwerera kunyumba, akuvula nsapato pakhomo, ankakonda kunena kuti, "Tsiku la mwana wanga likadzafika, mudzatseka makutu nonsenu."

Amuna awo, a Kaddour, anamwalira ana ali aang'ono. Mwana wamkulu, Miloud, sukulu inamukana msanga, ndipo anangolowa ntchito yoyendetsa galimoto yonyamula migolo ya azitona. Choncho zinali zodziwikiratu kuti ngati m'nyumba imeneyi mudzalire nthungululu ya maphunziro, idzalirira Souhila.

Chodabwitsa n'chakuti ali wamng'ono Souhila anali wolongolola zedi. Ankayankha mafunso asanafunsidwe, ankaimba pamsewu, ankatsutsana ndi wogulitsa buledi. Palibe ankadziwa kuti mwanayu saona bwino. Iye mwini ankayesa kuti dziko ndi mmene lilili, kuti anthu akakhala patali pang'ono amakhala zinthu zamitundumitundu zoyenda, zokhala ndi mawu koma zopanda nkhope. Anatulukira ndi mphunzitsi wake wa ku pulayimale, ataona kuti mwanayu amalemba mphuno ili pa pepala. Magalasi anafika sabata yomwe sukulu inkatsekera, ndipo zinangochitikira pamodzi kuti ndi Souhila yemweyo amene anasankhidwa kulakatula ndakatulo pamaso pa makolo.

Ndakatuloyo ankaidziwa ngati dzina lake. Tsikulo bwalo la sukulu linadzaza, azibambo mbali ino, azimayi mbali iyo, ana atakhala pansi. Ahedi atatchula dzina lake, mwana asanafike n'komwe pa nsanja, mayi Bakhta anaimasula. Inali nthungululu yaitali, yoyenera ukwati wa anthu olemera, osati kandakatulo ka mwana wa pulayimale. Bwalo lonse linatembenuka. Anthu anaseka, osati moipa ayi, anangoseka basi. Koma anyamata a kumbuyo anayamba kutsanzira, manja ali pamlomo, lulululu, ndipo pamene mitu yonse inkabwerera kutsogolo, Souhila anali ataima pa nsanja ndi magalasi ake atsopano.

Ndi pomwe anaona kwa nthawi yoyamba kuti gulu la anthu lili ndi maso. Maso mazanamazana, onse tong'o pa iye. Anaona mano a anthu oseka, anaona mayi wina akunong'oneza mnzake, anaona ahedi akusuzumira pa wotchi. Mawu onse a ndakatulo anali m'mutu, osasowa ndi limodzi lomwe, koma lilime linakana kudzuka. Anaima choncho mpaka mphunzitsi anabwera kudzamutsitsa atamugwira paphewa.

Zikanathera pomwepo, koma ana a sukulu saiwala. Chaka chotsatira, ndi chinacho, akangoitanidwa kuti apite ku bolodi, pena pake m'kalasimo pankamveka kanthungululu kapansipansi, ndipo Souhila ankangoweramitsa mutu. Anaphunzira kubisala. Ankakhala kumbuyo kwa mtsikana wamtali. Tsiku lowerenga mokweza ankadwala, ndipo matendawo anali enieni, sankanama. Pa zolemba ankaposa kalasi yonse. Aphunzitsi ena ankamumvera chisoni n'kumulumpha, ena ankamuimika dala kuti azolowere, ndipo wina ku sekondale anayesapo kumuwerengetsa atayang'ana khoma, kalasi ili kumbuyo kwake. Sizinathandize, chifukwa maso aja ankawamva pamsana. Onsewo ankapeza zofanana: mwana woima njo, mutu pansi, milomo ikugwedezeka popanda chotuluka.

Mankhwala ndiye sanasowe, kwathu kuno aliyense ndi dokotala. Amayi ake ankamumwetsa madzi a maluwa a malalanje othira shuga, amene amati amatsitsa mtima. Azakhali ake anamutengera kwa shehe amene anawerengera mapemphero m'madzi, iye namwa, ena nasamba kumaso. Miloud naye anali ndi nzeru zake.

"Iwe, n'zosavuta izi. Uziwaona ngati nkhosa basi."

"Nkhosa sizinong'onezana, achimwene."

"Ndiye uziwaona ngati migolo."

"Migolo ilibe maso."

"Asa! Ndiye khala choncho. Mwayi wako ndi woti pa ukwati wako woyankha m'malo mwako ndidzakhala ine."

Mayi Bakhta sanaganizepo ndi tsiku limodzi lomwe kuti nthungululu yawo ili m'nkhaniyi. Iwo ankati ndi diso loipa la anthu ansanje. Souhila naye sananene, poopa kuwapweteka. Atakhoza mayeso omaliza a ku sekondale, zotsatira zinatuluka iye ali kwa azakhali kumudzi, ndipo anakhalitsa dala komweko mpaka phokoso litazirala. Amayi ake analulutira nyumba yopanda mwini chikondwerero, ndipo pambuyo pake anati imeneyo siwerengedwa.

Ku yunivesite, mumzinda waukulu, anapumako. Kumeneko ntchito zambiri ophunzira amachita awiriawiri, ndipo Mulungu anamupatsa Hayet, mtsikana wa pakamwa posatopa, amene ankatha kufotokoza buku limene sanalitsegule n'komwe, anthu n'kuwomba m'manja. Anagawana ntchito osakambirana. Souhila ankapita m'minda kukapachika misampha ya ntchentche m'mitengo, kung'amba azitona, kuwerenga mphutsi ndi kulemba. Hayet ankaima kutsogolo. Pa tsiku lofotokoza, ntchito ya Souhila inali kusintha zithunzi pa kompyuta, nkhope atabisa kuseri kwake. Palibe ankadyera mnzake masuku pamutu, aliyense ankaona kuti wopindula ndi iye. Anayenda choncho zaka zonse mpaka kafukufuku womaliza.

Ndiye kutatsala pang'ono, Hayet anapeza banja. Mwamunayo ankakhala ku France, mapepala a ulendo anatuluka mwadzidzidzi, ndipo Hayet anakwera ndege akulira, akulonjeza kuti azimuimbira foni. Anamusiyira timapiritsi tina toti timakhazika mtima pansi. Souhila anayesa kamodzi, nagona tulo tofa nato m'laibulale mpaka mlonda anachita kumudzutsa. Mawa lake anapita kwa mayi Benzerga, mphunzitsi amene ankayang'anira kafukufukuyo, kukafunsa ngati pali njira ina.

"Njira yanji?" anafunsa mayi Benzerga.

"Mwina nditangopereka bukuli, aliwerenge okha."

"Mwana wanga, buku lako ndi labwino, ndipo ndikudziwa kuti walemba ndiwe, ine si mwana. Koma digiri sapatsa buku, amapatsa munthu. Pa sutenansi uyenera kuima wekha, ufotokoze, uyankhe mafunso. Ukapanda kutero, ndiye kuti zaka zonsezi wangoperekeza Hayet."

Sutenansi mukuidziwa mmene imakhalira. Aphunzitsi atatu ovala mikanjo yakuda amakhala pa tebulo lalitali, wophunzira amaima kutsogolo n'kufotokoza kafukufuku wake m'Chifalansa, ndipo chitseko chimakhala chotsegukira aliyense. Banja lonse limabwera, ndi aneba omwe, atanyamula mathireyi a makeke athu otchedwa makurudi ndi mabotolo a zakumwa. Chifalansacho ambiri samva, koma amakhala phee mpaka mkulu wa aphunzitsi alengeze zotsatira. Akangotseka pakamwa, mayi wa mwanayo amaiyamba nthungululu, enawo n'kuilandira. Tsiku limeneli ndi limene mayi Bakhta ankanena povula nsapato pakhomo paja.

Mayi Benzerga anaitana Souhila kuti ayesere mu ofesi mwawo, pamaso pa iwo ndi ophunzira ena awiri. Kunkatentha koopsa. Anthu atatu okha, koma Souhila atangoima thukuta linali kamukamu, magalasi akutsetsereka pamphuno. Anawakankha, anatsikanso. Anawakankhanso. Kenako anawavula kuti awapukute ndi nsonga ya mpango wake, ndipo atadzutsa mutu anapeza kuti anthu aja asungunuka. Panalibenso maso. Panali chinthu chobiriwira pakati, chimene chinali mayi Benzerga, ndi zinthu ziwiri zotuwa m'mbali. Linali dziko lake lakale lija, la nthawi imene ankatsutsana ndi wogulitsa buledi.

Anayamba kulankhula magalasi ali m'manja. Mawu ankanjenjemera, koma ankatuluka, ndipo anafika kumapeto.

"Pakati wathamanga, ndipo pa zithunzi ukuloza polakwika," anatero mayi Benzerga. "Koma lero ndamva mawu ako. Magalasiwo bwanji?"

"Akutsetsereka, aphunzitsi."

"Azitsetsereka choncho."

Njira imeneyi inali ndi vuto lake. Popanda magalasi sakanatha kuwerenga pepala kapena zithunzi za pa khoma, ndiye zonse anayenera kuziloweza pamtima, ndi manambala omwe. Ankakwera padenga lathyathyathya la nyumba yawo, pakati pa zovala zoyanika, n'kumafotokozera mabulangete za moyo wa ntchentche. Miloud akaweruka ankakhala pa masitepe n'kumaponya mafunso m'mawu okhuthala ngati pulofesa. "Tiuzeni, a dokotala, ntchentche imeneyi imasala nawo mwezi wa Ramadani?" Souhila ankamugenda ndi chopanira zovala, osamulasa, koma anazolowera kutembenukira kumene kwachokera mawu.

Chinatsala n'chimodzi. Maso anali atawapezera njira, koma makutu savula. Ankadziwa kuti akangomva nthungululu ija, kapena kungodziwa kuti ili m'chipindamo ikudikira, adzakhalanso mwana wa pa nsanja uja. Anayesa kubisa tsikulo, koma masiku a sutenansi amamatidwa pa khoma, ndipo mwana wa aneba amene ankaphunzira komweko anabwera nalo kunyumba. Tsiku lina Souhila anapeza amayi ake atakhala pansi m'khitchini, thireyi ili pamiyendo, akudula makurudi. Nyumba yonse inkanunkhira zipatso za kanjedza ndi uchi. Anali atauza kale azakhali ndi azimayi a ku fakitale, ndipo minibasi inali itapezeka kale.

"Amayi, ndili ndi mawu."

"Lankhula, koma usaponde ufawo."

"Tsiku lija musabwere."

Mpeni unaima. "Wati chiyani?"

"Musabwere. Inuyo, azakhali, aliyense. Achimwene okha andiperekeze."

"Ukuchita nane manyazi? Chifukwa cha manja awa? Kapena poti Chifalansa sindimva? Ndikakhala kumbuyo ine, sindikakhudza munthu."

"Si zimenezo ayi."

"Nanga n'chiyani? Tanena. Ndinalulutira mwana wa wogulitsa nyama, uja anakhoza mwamwayi anthu onse n'kudabwa. Ndiye wanga yemwe ndichite kumva kwa anthu?"

"Ndi nthungululu yanuyo, amayi. Ndi imene inanditseka pakamwa."

Atangoyamba sanathenso kusiya. Ananena za nsanja ija, za anyamata a kumbuyo, za kanthungululu kapansipansi kamene kanamutsatira kalasi ndi kalasi, za chifukwa chimene anakhalitsira kwa azakhali. "Mukakakhalamo sindikatha, amayi. Ndikangoima ngati tsiku lija, ndipo digiri ipita."

Mayi Bakhta anaika mpeni pansi. Zinawapweteka kwambiri ndipo sanabise, nkhope inagwa ngati ya munthu amene wauzidwa za maliro. Chinthu chimodzi chokha chimene ankadziwa kuti amaposa nacho anzawo ndi chimene chinavulaza mwana wawo, ndipo zaka zonsezi iwo ankanamizira diso la aneba. Kenako anatola mpeni n'kupitiriza kudula.

"Ndamva, mwanangu. Makurudi okha ndiye apite, poti alibe pakamwa."

Masiku otsatira ankalankhulana za mchere ndi zochapa basi. Souhila anali atapeza chimene ankafuna, koma mtima sunakhale pansi. Ankayenda monyang'ama m'nyumba ya amayi ake ngati mlendo amene waswa mbale.

Tsikulo linafika. Amayi ake anamupatsa kapu ya madzi a maluwa a malalanje, namudalitsa mwachidule, nabwerera m'khitchini. Panjira Miloud anaimitsa galimoto kuti Souhila asanze m'mphepete mwa munda wa azitona.

"Wawapweteka mayi aja," anatero Miloud akumupatsa botolo la madzi.

"Ndikudziwa, achimwene."

"Chabwino. Poti ukudziwa, kwera tizipita."

Anamutula pachipata nati akukasaka poimika galimoto. Souhila analowa m'chipinda chikadali chopanda anthu, anakonza kompyuta, anavula magalasi nawaika pa tebulo. Kuyambira pamenepo ankangomva: mipando ikukokedwa, nsapato, wina akutsokomola. Chipinda chinkaoneka chodzaza kuposa mmene ankayembekezera, koma anati mwina ndi ophunzira a chaka chamawa amene amabwera kudzaonera. Zinthu zitatu zakuda zinalowa n'kukhala pa tebulo lalitali, ndipo cha pakati chinati, ndi mawu okhuthala, "Yambani."

Chiganizo choyamba chinatuluka chopyapyala ngati ulusi. Chachiwiri chinalimbako. Anagwira m'mphepete mwa tebulo, ndipo pena anaiwala dzina la mudzi umene anatcherako misampha, naima kaye mpaka linabwera. Koma anapitiriza. Ntchentche ija inaikira mazira, mphutsi zinadya zipatso, alimi anataya zokolola, ndipo iye anafika pa mawu othokoza. Mafunso nawo anayankha. Kamodzi anayankha atayang'ana kumanzere, mawu okhuthala aja nati, "Ndili kuno, mwana wanga, ameneyo ndi mnzanga." Anthu anaseka. Souhila anakumva kusekako, koma mano sanawaone, ndiye anangotembenuka n'kumaliza yankho lake.

Aphunzitsi anatuluka kukakambirana. Iye anakhala pampando, maso pa tebulo, magalasi osawakhudza. M'chipinda choyandikana munali sutenansi ina, ndipo kudzera pa khoma kunamveka nthungululu ya banja lina, yowonda, ya azimayi a mumzinda amene amaopa kung'amba kukhosi. Souhila anaganiza kuti amayi ake akanaiseka imeneyo.

Aphunzitsi atabwerako onse anaimirira, ndipo mkulu uja analengeza kuti wakhoza bwino kwambiri, ndi mayamiko a aphunzitsi onse. Anthu anawomba m'manja. Kuwombako kutatha panatsala mpata, mpata umene aliyense wa kwathu amadziwa chimene chimalowapo, ndipo m'chipindamo munangoti zii. Bata limeneli Souhila anali atalipempha yekha. Koma atalimva linamupweteka kuposa kuseka kwa pa nsanja kuja.

"Bwerani musayine apa," anatero mkuluyo.

Kusayina kumafuna maso. Anapapasa pa tebulo, anavala magalasi, analemba dzina lake, nadzutsa mutu.

Chipinda chinali chodzaza ndi anthu a ku Sig. Azakhali ake, azimayi a ku fakitale, aneba, ndi Miloud ataima pakhomo ndi thireyi ya makurudi, akuyang'ana kudenga ngati munthu wosadziwa kanthu. Azimayi onsewo milomo anali ataifinya, ndipo ankangocheukira mzere wakumbuyo. Kumeneko kunali mayi Bakhta, atavala chovala chawo cha pa maukwati, nsonga ya mpango ataikulunga n'kuiluma ndi mano. Mpangowo unali utanyowa. Anali atakhala choncho kuyambira pachiyambi, ndipo tinamva pambuyo pake kuti m'minibasi anali atawalumbiritsa anzawo onse kuti wotulutsa mawu abwerera ku Sig wapansi.

Tsopano maso onse anatembenukira kwa Souhila, ndipo iye ankawaona bwinobwino, limodzilimodzi. Dzanja linanyamuka lokha kupita ku magalasi, koma analibweza, chifukwa akanawavula amayi ake akanasungunuka pamodzi ndi enawo.

"Amayi," anatero. Sizinamveke.

"Kwezani mawu, a dokotala," anatero Miloud ali pakhomo pomwepo, mawu ake nawo atasasa.

"Amayi! Ndamaliza. Lulutani!"

Mayi Bakhta analavula mpango uja. Anaika dzanja pamwamba pa mlomo monga mwa nthawi zonse, nakoka mpweya. Chipinda chonse chinawatembenukira, ndi aphunzitsi a mikanjo omwe. Anatsegula pakamwa, ndipo sipanatuluke kanthu. Anayesanso. Kunangomveka kampweya ndi kusisima. Mayi amene analulutira tauni yonse anaima njo, milomo ikugwedezeka, maso a anthu onse ali pa iwo.

M'chipindamo munali munthu mmodzi yekha amene ankadziwa chimene chikuwachitikira, ndiponso kuti munthu akafika pamenepo chimene amafuna n'chakuti maso achoke pa iye. Kwathu munthu sadzilulutira yekha, n'zochititsa manyazi, ndipo Souhila anali asanayesepo chibadwire. Koma anaika dzanja pamlomo, pamaso pa aphunzitsi ake, naitulutsa. Inali yoipa, tisaname. Inalira ngati chitseko cha dzimbiri ndipo inadukira pakati. Mitu yonse inabwerera kwa iye, ena akuseka, ndipo iye anawasiya aseke.

"Iii, si choncho iwe," anatero mayi Bakhta kuchokera kumbuyo, akupukuta m'maso ndi mpango wonyowa uja. "Lilime ulimasule. Tamvera."

Ndipo anaiyamba. Anthu a m'chipinda choyandikana anatuluka kudzaona, ndipo mkulu wa aphunzitsi anatseka khutu limodzi ndi chala. Souhila anaima pomwepo atagwira m'mphepete mwa tebulo, naimva yonse mpaka kumapeto, magalasi ali pamaso.